Kuchoka ku maphunziro a zaupandu kukafika pa uloya: njirayi imayenda bwanji?

Munthu akamangidwa amadutsa m'manja ambiri asanamve chigamulo. Pali wapolisi amene wamugwira, wina amene wamulemba m'buku pa kauntala, wofufuza amene wamupanikiza ndi mafunso m'kachipinda, woimira boma amene wasankha mlandu woti amuimbe, woweruza amene wamupatsa belo kapena kumumana, ndipo zikavuta pamakhala woyang'anira ndende amene adzakhale naye zaka zambiri. M'mayunivesite muli maphunziro amene ntchito yake ndi kusanthula ulendo wonsewu, kuyambira pa unyolo wa wapolisi mpaka tsiku lotuluka m'ndende. Pachingerezi amawatcha criminal justice, ndipo ife tingati maphunziro a zaupandu ndi chilungamo. Achinyamata ambiri amene amawasankha amakhala ali ndi loto limodzi mumtima, loti tsiku lina adzaime m'khoti ngati loya.

Ndiyambe ndi mawu amene ena amawamva mochedwa, fizi atalipira kale: digiri imeneyi si ya uloya. Ngakhale munthu ataikhoza bwino chotani, siimupatsa chilolezo choimira munthu pa mlandu. Komabe si njira yosokera. Ndi njira yozungulira, ndipo amene waiyenda akudziwa chimene ikumupatsa ndi chimene ikumumana amafika m'khoti ali ndi maso amene anzake ambiri alibe.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa kumene maphunzirowa anachokera. Sanabadwire m'sukulu ya zamalamulo ayi, anabadwira ku polisi. August Vollmer, amene anali mkulu wa apolisi mu mzinda wa Berkeley ku California, ankakhulupirira kuti wapolisi ayenera kukhala munthu wophunzira, ndipo mu 1916 anayamba kuphunzitsa za ntchito ya upolisi pa yunivesite ya California. Ku New York, koleji imene lero ikutchedwa John Jay College of Criminal Justice inakhazikitsidwa mu 1964 ngati sukulu ya apolisi. Koma chimene chinakuza maphunzirowa ndi mantha. M'zaka za m'ma 1960 upandu unakwera kwambiri ku America, ndipo Pulezidenti Lyndon Johnson anakhazikitsa komiti yoti ifufuze vutoli. Lipoti lake linatuluka mu 1967, ndipo munali chojambula chimene aphunzitsi akuchigwiritsabe ntchito mpaka pano. Chinkasonyeza apolisi, makhoti ndi ndende ngati ngalande imodzi yolumikizana, momwe milandu imalowa yochuluka koma n'kumatayika m'njira: wina sanagwidwe, wina wamasulidwa ku polisi, wina mlandu wake wathetsedwa, wina wavomera, mpaka ochepa okha ndiwo amafika pozengedwa. Chaka chotsatira, mu 1968, boma linakhazikitsa lamulo limene linatsegula thumba la ndalama zolipirira apolisi ndi ogwira ntchito m'ndende kuti apite ku koleji. Makoleji anathamangira kutsegula maphunzirowa, ndipo m'zaka zochepa anafalikira m'dziko lonselo.

Chiyambi chimenechi chimaonekabe m'zimene wophunzira amakumana nazo m'kalasi. Amaphunzira chifukwa chimene anthu amapalamulira milandu, momwe polisi imayendera, momwe ndende zimayendetsedwera, za ana opalamula, za anthu ochitiridwa upandu, ndi luso lowerenga ziwerengero ndi kuchita kafukufuku. Amalawako malamulo a zaupandu ndi ndondomeko ya kazengedwe ka milandu, koma mongodutsa. Funso lalikulu limene amaphunzitsidwa kufunsa ndi lakuti: kodi zinthu zikuyenda bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani zikuyenda choncho? Loya amafunsa funso lina. Iye amafuna kudziwa kuti pa nkhani ya munthu uyu, lero, lamulo likuti chiyani, makhoti aakulu analitanthauzira bwanji m'mbuyomu, ndipo ndi mfundo iti imene ingamugwire mtima woweruza. Wophunzira zaupandu akamva kuti nyumba yathyoledwa, amaganiza za umphawi wa m'deralo, za nthawi imene apolisi amayendera kumeneko, za kuchuluka kwa milandu yotere. Loya amafunsa ngati boma lingathe kutsimikizira kuti munthuyu analowadi, kuti analowa popanda chilolezo, ndiponso kuti polowapo anali ndi cholinga chopalamula. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, mlandu wothyola nyumba wagwa, ngakhale mudzi wonse utalumbira kuti munthuyo ndi wakuba.

Ku America, kumene njira imeneyi ndi yodziwika kwambiri, uloya saphunzira munthu atangochoka ku sekondale. Amayamba watenga digiri yoyamba ya zaka 4 pa phunziro lililonse limene akufuna, kenako n'kupita ku sukulu ya zamalamulo kwa zaka 3, kapena 4 ngati akuphunzira madzulo uku akugwira ntchito. Digiri yachiwiriyi amaitcha Juris Doctor. Bungwe la maloya la American Bar Association, limene limavomereza sukulu pafupifupi 200 za zamalamulo, sililamula phunziro limene munthu ayenera kuyamba nalo. Wa mbiri, wa masamu, wa zoimba ndi wa zaupandu onse amagogoda pa khomo limodzi. Chimene sukulu zimayang'ana kwambiri ndi magiredi a pa digiri yoyamba ndi mayeso olowera otchedwa LSAT, amene malikisi ake amayambira pa 120 kulekezera pa 180. Mayesowa safunsa lamulo ngakhale limodzi. Amakupatsa ndime yovuta kuti uwerenge, kapena mfundo ya munthu wina kuti upeze pamene yatsimphina, ndipo nthawi imakhala yochepa.

Apa ndiye pamene ophunzira ambiri a zaupandu amapunthwa, ndipo sindikufuna kubisa. Ziwerengero za olemba mayesowa zakhala zikusonyeza mobwerezabwereza kuti, pongotengera gulu lonse, iwo amapeza malikisi otsika poyerekeza ndi amene anaphunzira filosofi, zachuma kapena masamu. Si nkhani ya nzeru. Makoleji ena amaphunzitsa zaupandu ngati kukonzekeretsa munthu ntchito ya yunifomu, ndiye wophunzira amatha zaka 4 akuloweza mayina a nthambi ndi masitepe a ndondomeko, osakakamizidwa kulemba nkhani yaitali yoteteza mfundo yake kapena kulimbana ndi buku lovuta mpaka litamveka. Komanso ambiri mwa ophunzirawa amakhala oti akugwira kale ntchito, ena ndi oyamba m'banja mwawo kuponda pa yunivesite, ndipo nthawi ndi ndalama zokonzekera mayeso zimawachepera. Mankhwala ake alipo ndipo si achinsinsi: pamene ali pa digiri yoyamba, asankhe dala makalasi ofuna kulemba kwambiri, atengeko phunziro la kaganizidwe kolongosoka, ndipo afunefune mphunzitsi amene amabweza pepala litadzaza inki yofiira. Mphunzitsi woteroyo amawawa, koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Akalowa sukulu ya zamalamulo, chodabwitsa choyamba chimakhala chakuti milandu ya upandu ndi kachigawo kakang'ono chabe. Chaka choyamba chimadzaza ndi malamulo a mapangano, a katundu ndi malo, a chipukuta misozi munthu akalakwiridwa, ndondomeko ya milandu ya pakati pa anthu, malamulo oyendetsera dziko, ndi kalembedwe ka maloya. Kaphunzitsidwe kake nako n'kachilendo. Kuyambira mu 1870, pamene Christopher Columbus Langdell anakayambitsa ku Harvard, ophunzira sapatsidwa mndandanda wa malamulo kuti aloweze. Amawerenga zigamulo za makhoti, ndipo m'kalasi mphunzitsi amaloza mmodzi n'kumufunsa: khoti linagamula chiyani? Chifukwa chiyani? Nanga chitseko chikanakhala chotsegula, chigamulo chikanasintha? Nanga akanakhala mwana? Amapitiriza kusintha nkhaniyo pang'onopang'ono mpaka wophunzirayo ataona yekha pamene lamulo likuthera. Amene anabwera akudzimva kuti milandu amaidziwa kale amavutika kuposa anzake, chifukwa amayankha zimene zimachitika pa polisi pomwe wafunsidwa zimene lamulo likunena. Ayenera kuphunzira kaye kuika pambali zimene akudziwa, kuti adzazitolenso bwino patsogolo.

Ndipo nthawi yozitolayo imafikadi. Ine ndimaona kuti phindu lenileni la njira imeneyi lili pa mfundo imodzi imene anthu ambiri kunja kuno saidziwa, yakuti milandu yambiri siizengedwa n'komwe. Mu 2012, pa mlandu wa Missouri v. Frye, khoti lalikulu la Supreme Court ku America linanena kuti mwa anthu 100 alionse opezeka olakwa m'makhoti a boma lalikulu, 97 amakhala oti avomera okha mlandu, ndipo m'makhoti a m'zigawo ndi 94. Woimira boma amabwera ndi mawu akuti, vomera mlandu wocheperako ulandire chilango chopepuka, ukakana tikumana m'khoti ndipo ukagonja udzaona zakuda. Ndiye kuti ntchito yaikulu ya loya wa milandu ya upandu siichitika pamaso pa gulu atavala bwino. Imachitika m'kachipinda ka m'ndende, iye ndi munthu wamantha atakhala moyang'anizana, fayilo ili pakati pawo.

Tiyerekeze kuti m'fayilomo muli lipoti la wapolisi lonena kuti anaimitsa galimoto nthawi ya 10:40 usiku, anapempha chilolezo chofufuza, mwini wake anavomera, ndipo anapeza mankhwala oletsedwa pansi pa mpando. Loya amene sanaphunzirepo momwe polisi imagwirira ntchito angawerenge lipotili n'kuona nkhani yotsekeka. Amene anadutsa ku maphunziro a zaupandu amadziwa kuti lipoti limalembedwa pambuyo, nthawi zina patapita maola, ndipo pali zolemba zina zimene zinalembedwa pa nthawi yomweyo: buku la ku ofesi yolandira mauthenga a pa wailesi ya apolisi, kanema wa kamera ya pachifuwa, pepala losainidwa ndi aliyense amene anagwira kathumba ka mankhwalako kuchoka pa msewu kukafika ku labotale. Amaziitanitsa zonse n'kuziika pamodzi. Ngati buku la wailesi likusonyeza kuti galimotoyo inaimitsidwa 10:15, pali mphindi 25 zimene wina ayenera kuzifotokoza. Ngati pa pepala la kathumba pali tsiku limene palibe anasaina, boma liyenera kutsimikizira kuti chimene chinayezedwa ndi chomwecho chimene chinapezeka. Kuyambira pa mlandu wa Mapp v. Ohio wa mu 1961, umboni wopezeka pofufuza mophwanya malamulo ukhoza kutayidwa m'makhoti a m'zigawo zonse, choncho mphindi 25 zimenezo zikhoza kukhala kusiyana kwa ndende ndi kwawo. Lamulolo munthu amaliphunzira ku sukulu ya uloya. Koma kudziwa kabati imene muli pepala lofunikalo, amakhala atabwera nako.

Chimodzimodzi ndi umboni wa akatswiri. Mu 1992 maloya awiri, Barry Scheck ndi Peter Neufeld, anayambitsa bungwe la Innocence Project ku New York, limene limagwiritsa ntchito kuyeza DNA pofuna kumasula anthu omangidwa osalakwa. Pa milandu imene anthu anamasulidwa motere, chimene chinapezeka kawirikawiri kuposa china chilichonse ndi mboni yoona ndi maso imene inaloza munthu wolakwika, ikukhulupirira ndi mtima wonse kuti ikunena zoona. Mu 2009 bungwe la asayansi la National Academy of Sciences linatulutsa lipoti losonyeza kuti njira zingapo zimene makhoti ankazidalira, monga kufananitsa zipsera za mano ndi kuyerekeza tsitsi pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono, zinalibe maziko olimba a sayansi. Loya amene anaphunzira kafukufuku ndi ziwerengero sachita mantha katswiri akaima m'bokosi la mboni. Amadziwa kumufunsa kuti njira yakeyo inayesedwa ndi ndani, ndipo imalakwitsa kangati. Amadziwanso chimene chilango chimatanthauza kwa munthu akachoka m'khoti: kuti kukhala pa ukaidi wakunja kuli ndi malamulo amene munthu wosauka amawaphwanya mosavuta, ndiponso kuti mbiri ya mlandu imamutsata munthu pofuna ntchito ndi nyumba. Akamalangiza munthu kuti avomere kapena akane, amakhala akuona zaka 10 kutsogolo.

Kufunika kwa loya pa malo amenewa kunaonekera bwino pa nkhani ya Clarence Earl Gideon. Mu 1961 anaimbidwa mlandu wothyola nyumba yosewereramo pool ku Panama City, m'chigawo cha Florida. Anapempha khoti kuti limupatse loya chifukwa analibe ndalama, koma woweruza anakana, ponena kuti ku Florida boma limapereka loya pa milandu ya chilango cha imfa yokha. Anadziimira yekha, anagonja, ndipo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 5. Ali m'ndendemo analemba dandaulo lake ndi pensulo pa mapepala a kundende n'kulitumiza ku Supreme Court. Pa 18 March 1963 oweruza onse 9 anagwirizana kuti munthu wosauka woimbidwa mlandu waukulu ayenera kupatsidwa loya. Mlandu wake unazengedwanso chaka chomwecho, m'khoti lomwelo, pa nkhani yomweyo. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano anali ndi loya, Fred Turner, amene anaipanikiza mboni yaikulu ya boma mpaka umboni wake unagwedezeka. Gideon anamasulidwa. Chigamulo chimenechi ndi chimene chinachulukitsa maofesi a maloya olipidwa ndi boma oimira osauka, ndipo kumeneko ndi kumene ambiri oyenda njira yathuyi amakathera.

Asanafike kumeneko pali zipata zina ziwiri. Choyamba ndi mayeso a chilolezo, otchedwa bar exam, amene chigawo chilichonse chimayendetsa pachokha ndipo amalembedwa mu February ndi mu July. M'zigawo zambiri amatenga masiku awiri, ndipo amafunsa nthambi zonse zikuluzikulu za malamulo, osati za upandu zokha. Amene ananyozera malamulo a katundu ndi mapangano poti iye ndi wa milandu ya upandu amakumana nawo pamenepa, mlandu suola. Palinso mayeso apadera a khalidwe loyenera loya. Chipata chachiwiri ndi kufufuzidwa mbiri: ngongole, milandu yakale, chilango chimene munthu analandira ku koleji kapena ku ntchito. Ena amene amakopeka ndi maphunziro a zaupandu amakhala oti iwo eni kapena abale awo anagonapo m'chitokosi, ndipo chimenecho ndicho chinawayatsa moto. Mbiri yotere siitseka khomo nthawi zonse. Chimene makomiti ofufuzawa sakhululuka msanga ndi kubisa.

M'mayiko ena njirayi ili ndi makhotakhota ake. Ku England ndi Wales, kuyambira mu 2021, munthu wa digiri ya phunziro lililonse akhoza kukhala loya wa mtundu wa solicitor, amene ntchito yake yaikulu ndi kulangiza anthu ndi kuwakonzera mapepala a zamalamulo, ngati wakhoza mayeso a magawo awiri otchedwa SQE ndi kugwira ntchito ya zamalamulo yovomerezeka kwa zaka 2. Wofuna kukhala barrister, amene ntchito yake yaikulu ndi kuyankhula m'khoti, ngati digiri yake si ya malamulo amayamba wachita kosi yosinthira, kenako n'kulowa m'limodzi mwa mabungwe 4 akale a ku London otchedwa Inns of Court, n'kuchita kosi ya ubarrister, n'kumaliza ndi chaka chimodzi chophunzira pansi pa barrister wamkulu. M'mayiko ambiri amene malamulo amaphunziridwa ngati digiri yoyamba, monga South Africa kumene digiri ya malamulo yotchedwa LLB imatenga zaka 4, wa digiri ya zaupandu amayenera kubwerera m'kalasi kukatenga digiri ya malamuloyo, ngakhale mayunivesite ena amamuchotserako nthawi. Safunsa anadya phula: wofuna kuyenda njirayi ayambe wafunsa bungwe lopereka chilolezo cha uloya m'dziko limene akufuna kudzagwira ntchito, asanalembetse kosi iliyonse, makamaka za pa intaneti zimene zimalonjeza zambiri.

Nkhani ya ndalama nayo siyenera kudumphidwa. Zaka 7 za ku yunivesite ku America zimasiya ambiri ndi ngongole yaikulu, ndipo ntchito zoimira boma kapena zoimira osauka zimalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi makampani a maloya a zamalonda. Lamulo la mu 2007 linabweretsa mpumulo wina, wakuti wogwira ntchito yotumikira anthu akalipira ngongole yake ya boma ka 120, zomwe ndi zaka 10, yotsalayo ikhoza kukhululukidwa. Pa mfundo imeneyi digiri ya zaupandu ili ndi ubwino umene ya filosofi ilibe, chifukwa munthu akhoza kugwira nayo ntchito kaye. Ena amakhala apolisi, ena oyang'anira akaidi akunja, ena othandiza maloya kapena ofufuza m'maofesi awo, n'kumaphunzira uloya madzulo. Amafika mochedwa, koma amafika atanunkhiza kale fungo la khoti.

Chotsala ndi kusankha mbali. Wina amapita kukaimira boma, ndipo kumeneko mphamvu yake ndi yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa ndiye amasankha woimbidwa mlandu ndi mlandu woti amuimbe. Ali ndi udindonso, umene khoti linautsindika pa mlandu wa Brady v. Maryland mu 1963, wopereka kwa woimbidwa mlandu umboni umene ungamuthandize, ngakhale utafooketsa mlandu wa boma. Amene anakhalapo wapolisi amayesedwa pamenepa, poti nthawi zina ayenera kuuza mnzake wakale kuti fayilo yake siingapite ku khoti. Wina amasankha kuimira oimbidwa milandu, ndipo funso limene adzalimva moyo wake wonse ndi lakuti amatha bwanji kuteteza munthu amene akudziwa kuti ndi wolakwa. Yankho lake analiona kale pa chojambula cha ngalande chija ali chaka choyamba: pa malo alionse pamene mlandu ukudutsa pali munthu amene angalakwitse, atatopa, akufulumira kapena akukondera, ndipo loya wa woimbidwa mlandu ndi yekhayo amene ntchito yake ndi kubwerera m'mbuyo n'kuyang'ana dzanja lililonse limene linagwira fayiloyo.

Akalumbira pamaso pa khoti n'kulandira chilolezo, sabata yoyamba sapatsidwa mlandu wakupha. Amapatsidwa mulu wa milandu ing'onoing'ono, ya kuba m'sitolo, ya ndewu, ya kuyendetsa galimoto ataledzera, ndipo m'mawa wa tsiku loyamba amakhala ndi mphindi zochepa zoti alankhule ndi munthu amene wagona m'chitokosi, asanaimirire kupempha belo. Pa mphindi zimenezo amafunsa kumene munthuyo amakhala, ngati ali pa ntchito, amene akusamalira ana ake, ndi amene angabwere kudzamuimira ngati mboni ya belo, chifukwa akudziwa kuti munthu akakhala pa rimandi masiku ochepa okha ntchito ikhoza kutha, ndipo amene ntchito yamuthera ali m'kati amavomera mlandu msanga kuti angotuluka.